Kusoka Makatani ndi Makava a Mipando: Kabuku ka Mabanja a ku Mulanje

Aliyense amene amakwera minibasi pakati pa Limbe ndi Muloza, kaya kudzera msewu wa Midima kapena wa ku Thyolo, amaudziwa mpando wong'ambika. Siponji ili pamtunda, yada bii ndi thukuta, mwina kachitsulo katulukira pakona n'kumakola zovala za anthu. Galimoto zambiri zonyamula anthu m'boma lathu lino, ma HiAce ndi ma Sienta, zinafika m'dziko muno zitagwira kale ntchito ku Japan, ndipo amene anapanga mipando yake sankaganiza za madengu a nanazi, zidebe za tomato ndi matumba a usipa opita kumsika wa Limbuli. Kunyumba nako n'chimodzimodzi. Mpando wa pabalaza umene bambo anagula ndi ndalama ya tiyi wayamba kuonetsa zam'kati, ndipo pazenera papachikidwa chitenje chakale pamisomali iwiri.

Zonsezi zingakonzedwe pakhomo, ndi makina opalasa ndi mapazi, ngakhalenso ndi singano yapamanja. Kabuku kano kakufotokoza kasokedwe ka makatani a m'nyumba ndi a m'galimoto, makava a mipando, ndi khushoni ya kabaza. Mfundo yaikulu ndi imodzi, muigwire pa chilichonse chimene musoke: chikhale chotheka kuchivula, kuchichapa, n'kuchibwezeretsa. Nsalu yokhomera ndi misomali kapena yomata ndi guluu kuno kwathu sichedwa kununkha.

Nyengo ya kuno ndiyo isankhe nsalu

Mulanje ndi boma lamvula. M'malo ena m'munsi mwa phiri, kuminda ya tiyi, mvula imapitirira mamilimita 2,000 pachaka. Dzinja likatha, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kumabwera chiperoni, ndipo zochapa zimatha masiku zili pachingwe osauma. Okutobala akafika dzuwa limaswa mtengo, moti galimoto yoima pa Chitakale masana munthu sangakhudze mpando wake wapulasitiki. Nsalu imene mugule ipirire zonse ziwiri, chinyontho ndi dzuwa.

Pa makatani, chitenje n'chabwino. N'chopepuka, chimauma msanga, ndipo chimapezeka pamsika uliwonse, kaya chopangidwa ku Blantyre kufakitale ya Mapeto David Whitehead kapena cholowa kuchokera kunja. Mdani wake ndi dzuwa: chimasuluka, kenako ulusi wake umafooka. Mankhwala ake ndi kuika nsalu ina kumbuyo, mbali yoyang'ana kunja. Shiti yakale yoyera ya pakaunjika imaigwira bwino ntchito imeneyi, chifukwa dzuwa limathera pa iyo, ndipo mtundu woyera umabweza kutentha m'malo mokusunga.

Pa mpando, chitenje pachokha sichilimba. Anthu akamakhala ndi kudzuka tsiku lonse chimaperepeseka, n'kuyamba kubooka kutsogolo kumene miyendo imakhula. Pamalo pokhalira pamafunika jinzi, khaki yokhuthala kapena kanivasi. Musathamangire kukagula yatsopano ku Limbe musanaone pakaunjika. Jinzi yaikulu ya bambo wonenepa, mukaitumbula m'misoko ya m'miyendo, imatulutsa zidutswa zotambalala, ndipo majinzi angapo olumikizidwa bwino amakwana mpando wautali wa minibasi. Chitenje chiikeni potsamira ndi kumbuyo, kumene chimaoneka koma sichivutika.

Palinso leza, nsalu yapulasitiki ija yooneka ngati chikopa. Ubwino wake ngwakuti mumangoipukuta ndi kansanza konyowa, choncho ndi yoyenera pa kabaza ndi pamipando yakumbuyo kumene amaika nsomba. Koma imatentha padzuwa, imachititsa thukuta, ndipo madzi akalowa pansi pake satulukanso. Pamipando ya pabalaza sindiilimbikitsa.

Nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba. Musanadule chilichonse, ichapeni, iume, muisite. Mukadumpha zimenezi, kava idzakwana bwino tsiku loyamba koma ikadzangochapidwa idzakana kulowa pampando. Muyesenso ngati mtundu wake ukutuluka: nyowetsani kansalu koyera, mukhule pakona pa nsaluyo. Kakasintha mtundu, nsalu imeneyo musaiike pampando, idzaononga malaya oyera a anthu opita kutchalitchi.

Neti yogonamo ija munalandira kusikelo isasanduke katani. Ntchito yake n'kuteteza ana kumalungo.

Zida

Makina a Singer kapena Butterfly, omwe aja amatelala amapalasa pakhonde la sitolo, ndi okwanira. Chofunika n'kusintha singano malinga ndi nsalu: nambala 14 pa chitenje, nambala 16 pa jinzi, nambala 18 pa kanivasi ndi leza. Singano yaing'ono pansalu yokhuthala imathyoka kapena kudumphitsa msoko. Ulusi ukhale wa poliyesitala, chifukwa wa thonje umaola msanga pachinyontho. Muonjezere tepi yoyezera, sizasi yakuthwa yosadulira china chilichonse koma nsalu, choko kapena kachidutswa ka sopo wouma kolembera, mapini, phinifolo wamkulu, ndi simbi.

Makina nawo amadwala ndi chiperoni. Muziwathira mafuta ake enieni a makina, osati ophikira, amene amauma n'kumata zitsulo. Mukamaliza kusoka, chotsani tiulusi tonse pozungulira bobini, muwavundikire.

Opanda makina asadandaule. Msoko wobwerera m'mbuyo, uja mumalasa kutsogolo n'kubwerera kudzalowetsa singano pamene munathera, umalimba mofanana ndi wa makina ngati mwaufupikitsa. Umangodya nthawi.

Katani ya m'nyumba

Ntchito yambiri imaonongekera poyeza, osati posoka. Kuona maso a nkhono n'kudekha: yezani kawiri, lembani papepala, sizasi ibwere pomaliza.

Tiyerekeze zenera lotambalala masentimita 120, lotalika masentimita 100. Katani siyenera kulingana ndendende ndi zenera. Iyambire masentimita 10 pamwamba pake, itsike masentimita 15 pansi pake, kuti wodutsa panja asasuzumire. Ikatha kusokedwa idzakhala yotalika 125. Pamenepo muonjezere 10 wopinda pamwamba ndi 10 wa mpendero wapansi. Mudule 145.

M'lifupi, nsalu ichuluke kuposa zenera kuti katani ikhale ndi makwinya ogwa bwino. Mlingo wake ndi kutambalala kwa zenera kuphatikiza theka lake, ndiye pa zenera la 120 pafunika nsalu yosachepera 180. Amene ali ndi nsalu yambiri angafike pa 240. Katani yolingana ndi zenera imasiya mipata m'mbali, ndipo mphepo ikangoomba pang'ono m'nyumba monse muli poyera.

Chitenje chimodzi chimatalika pafupifupi mamita 2, m'lifupi mwake masentimita 110 kapena 115. Choncho pa zenera limeneli mugule zitenje ziwiri zofanana, chilichonse chitulutse mbali imodzi ya katani. M'mphepete mwa chitenje ndi molukidwa kale, simufunika kupindamo. Pachitenje chilichonse patsala chidutswa cha masentimita pafupifupi 50, chokwana khushoni yaing'ono ndi zingwe zomangira katani masana. Koma musanalipire, chitambasuleni choimirira, monga mmene chidzapachikidwire. Zitenje zambiri maluwa ake anawajambulira kuvala m'chiuno, ndiye mukachiimika, mbalame ndi miphika zimagona chammbali. Sankhani cha maluwa osasankha mbali.

Yambani ndi mpendero wapansi: pindani masentimita 5, sitani, pindaninso 5, sitani, sokani. Kusita musanasoke ndiko kumaongola msoko, musakuone ngati kutaya makala. Pamwamba pindani masentimita 2, kenako 8, musoke m'munsi mwa popindapo. Mwapanga kanjira kolowetsamo ndodo. Nsungwi youma, yopalidwa bwino m'mfundo, imagwira ntchito ngati chitsulo chogula, ndipo sichita dzimbiri. Ngati mukugwiritsa ntchito waya wa makatani uja wokutidwa ndi pulasitiki yoyera, sokaninso mzere wachiwiri masentimita 4 kuchokera pamwamba kuti kanjira kachepe, waya alowe m'kanjira kam'munsi, pamwamba patsale kamphonje koimirira.

Nsalu yakumbuyo ija muidule yocheperako pang'ono m'mbali ndi pansi, muilowetse pansi pa popinda papamwamba, msoko umodzi ugwire zonse. Pansi musazilumikize. Zikalendewera payokhapayokha, mphepo imadutsa pakati n'kuumitsa chinyontho, ndipo ina ikafupika siikoka inzake.

Khoma la njerwa zosapaka simenti limanyowa m'dzinja, choncho misomali kapena zogwirizira ndodo zitulukire pang'ono kuti katani isagunde khoma. Isafikenso pansi pozira. Kandulo, koloboyi ndi mbaula zikhale kutali ndi zenera la katani. Zingwe zomangira zikhale zazifupi, zokolekedwa pamwamba, pamene mwana wokwawa sangazikulunge m'khosi.

Katani ya m'galimoto

Ofuna makatani a m'galimoto alipo. Pali eni minibasi zimene zimachita hayala pa maukwati, pa maliro ndi pa misonkhano ya mpingo. Pali madalaivala amene amagona m'galimoto podikira kuti chipata cha Muloza chitsegulidwe. Palinso alendo odzakwera phiri amene amafika ku Likhubula ndi galimoto zokhala ndi bedi m'kati.

Galimoto si nyumba. Khoma lake ndi lopendekeka, imagwedezeka, ndipo zenera likatsegulidwa mphepo imalowa mwamphamvu. Katani yogwidwa pamwamba pokha imauluka n'kumamenya anthu kumaso. Choncho ikhale ndi mawaya awiri, wina pamwamba wina pansi, ndi tinjira tiwiri. Pa zenera lotambalala 80, lotalika 50, onjezerani masentimita 3 pamwamba ndi 3 pansi kuti galasi libisike, kenako 6 ndi 6 a tinjira. Mudule 68 m'litali, m'lifupi musiye mmene chitenje chilili. Chitenje chimodzi chitulutsa makatani awiri otere, n'kutsalako china. Waya mumudule wofupikirako kuposa mtunda wapakati pa tizitsulo tokolekapo, kuti akakokedwa akhale wokungika. Wolendewera amagwetsa katani pakati.

Musaboole galimoto ya mwini osamufunsa, ndipo pobooola samalani mawaya amagetsi amene amadutsa kuseri kwa mapulasitiki. Pamene chitsulo cha galimoto chili pamtunda, njira yosavuta n'kusokerera timaginito m'mpendero, katani izingomata yokha. Imeneyi ndiyo yabwino kwa ogona m'galimoto, chifukwa m'mawa amangoimatula n'kuipinda. Iwowa amafunanso mdima, ndiye muike nsalu zitatu: yoyera kunja, yakuda pakati, chitenje m'kati.

Mpweya wa anthu ogona umanyowetsa magalasi usiku, makamaka mu Juni ndi Julaye, ndipo katani imamwa madzi amenewo. Iziyanikidwa m'mawa uliwonse, apo ayi pakangopita masiku ochepa yachita chuku. Ndipo muwauze mosapita m'mbali amene mwawasokera: mbaula ya makala isalowe m'galimoto yotseka, ngakhale kuzizire bwanji. Mpweya wa makala sununkha, umapha munthu ali m'tulo.

Galasi lakutsogolo ndi mazenera a zitseko ziwiri zakutsogolo asakhale ndi katani galimoto ikamayenda. Lakumbuyo nalo katani yake imangidwe pambali. Dalaivala ayenera kuona wa kabaza ndi mwana wasukulu amene ali m'mphepete mwa msewu.

Kava ya mpando

Iyi ndiyo ntchito yofuna mtima, ndipo ndi imene anthu amalipira bwino.

Kava sibisa chilema cha mpando. Ngati chitsulo chathyoka, chipite kaye kwa owotcherera. Ngati siponji yakumbika, dulani ina yofanana ndi dzenjelo muikemo, pamwamba muyale ina yopyapyala. Pong'ambika sokani ndi dzanja kapena ikani chigamba. Siponji yonyowa iume kaye padzuwa. Muyang'anenso m'misoko ndi tochi: timadontho takuda tambiri pamodzi ndi chizindikiro cha nsikidzi, ndipo mukaziphimba ndi nsalu yatsopano mwangozimangira nyumba. Zithetseni kaye.

Mpando wa galimoto suyezedwa ndi tepi yokha, chifukwa ndi wopindikapindika. Umafuna pateni. Tengani thumba la feteleza lochapidwa, kapena pepala la thumba la simenti, kapena shiti yotha. Yalani pamalo pokhalira, mulase mapini mpaka m'siponji kuti lisasunthe, mulisalaze ndi dzanja kuchokera pakati kupita m'mbali. Ndi chala fufuzani msoko wakale wa mpandowo, mujambule mzere pamwamba pake. Amene anapanga mpando anadziwa kale pamene nsalu iyenera kulumikizana, inu mungotsata mapazi ake. Chitani chimodzimodzi ndi m'mbali, potsamira ndi kumbuyo. Chidutswa chilichonse chilembedwe dzina, ndi kamuvi kosonyeza kumwamba.

Musanachotse pateni pampando, lembani timizere tating'ono todutsa msoko, kuchoka pachidutswa china kufika pa chinzake, pamtunda wa chikhatho chimodzi chimodzi. Timizere timeneti ndi timene tidzakuuzeni pokumanitsa zidutswa mukadzakhala pamakina, mpando uli kutali. Mpando wa dalaivala ndi wa pambali pake nthawi zambiri ndi ofanana motembenuza, ndiye pateni imodzi ingakwane yonse, kungoitembenuza.

Poika pateni pansalu, siyani masentimita 1.5 kuzungulira chidutswa chilichonse kuti mudzasokemo. M'munsi, pamene kava idzapinda kulowa pansi pa mpando, siyani masentimita 10. Zidutswa zonse ziyang'ane mbali imodzi ya nsalu, motsata ulusi wake. Chodulidwa mopingasa chimatamuka n'kupotoza kava.

Posoka, nsalu ziyang'anizane kumaso kwake. Yambirani pakati kutsogolo kwa pokhalira, musoke kupita kumanja, mubwerere pakati, musoke kupita kumanzere. Mukayambira kumapeto, nsalu yapamwamba imakankhika pang'onopang'ono, pofika mbali inayo timizere tija tasemphana. Pokhota, temani pang'ono m'mphepete mwa nsalu ndi nsonga ya sizasi, osafika pamsoko, kuti igonje.

Kenako kaiyeseni pampando ili chotembenuza, misoko ili kunja. Pamene yakhwepa tsinani ndi mapini, pamene yathina masulani. Mukakhutira, bwerezani msoko wachiwiri pambali pa woyamba, mupinde zotsala zonse mbali imodzi, musokenso pamwamba kumaso. Msoko wapamwambawu ndi umene umachititsa kuti kava ipirire kondakitala wodumphira pampando tsiku lonse. Pamene majinzi akumana anayi pamodzi, menyani pang'ono ndi hamala kuti pafewe, ndipo gudumu la makina mulizunguze ndi dzanja.

M'munsi pindani kanjira, mulowetse lasitiki ndi phinifolo. Lasitiki akhale magawo atatu mwa anayi a mtunda wozungulira mpando. Mphira wodula kuchubu chakale cha njinga amagwiranso, ngakhale amatha msanga ndi kutentha. Chingwe cha nayiloni chokoka n'kumanga ndicho chimakhalitsa. Onjezerani malamba awiri a nsalu odutsa pansi pa mpando, omanga ndi mfundo yosavuta kumasula, koma asakole njanji imene mpando umayendapo. Pamene pokhalira pakumana ndi potsamira, siyani lilime la nsalu lotalika masentimita 15, mulikankhire mumpata, mutsekere ndi kachidutswa ka paipi yamadzi yakale. Kava sidzatsetserekanso kutsogolo.

Lamba wa pampando asakwiririke. Pamene chotsekera lamba chimatulukira, pangani bowo lolimba: ikani kachigamba pamwamba pa nsalu kumaso kwake, sokani kabokosi kakang'ono, dulani pakati, mulowetse chigambacho kuseri, musite, musokenso mozungulira. Mabowo a zitsulo ziwiri za chotsamira mutu apangidwe momwemo. Galimoto zina zili ndi kachikwangwani kolembedwa kuti SRS AIRBAG m'mbali mwa mpando wakutsogolo. M'menemo muli chibaluni chimene chimafufuma pangozi kuti chiteteze nthiti za munthu. Mbali imeneyo isaphimbidwe konse. Kava iphimbe kutsogolo kokha, igwidwe ndi malamba pamwamba ndi pansi.

Leza ili ndi malamulo ake. Bowo la phini silitsekeka, choncho igwireni ndi mapegi oyanikira zovala. Msoko utalikirane, pafupifupi mamilimita 4, chifukwa wothithikana umaidula ngati pepala la lisiti. Ikamamata kuphazi la makina, ikani pepala lopyapyala pamwamba, musokere limodzi, mudzaling'ambe pambuyo.

Mwini galimoto akabwera, muvalike mpando umodzi iye akuona, kenako auvule n'kuuvalikanso yekha. Akalephera, kavayo sinathe, ibwerere pamakina.

Mipando ya pabalaza ya matabwa, ya makhushoni ochotsa, ndi yosavuta. Pa khushoni ya masentimita 55 mbali zonse, yokhuthala 10, dulani chapamwamba cha 58 kwa 58, lamba wozungulira wa 13 kwa 223, ndi zidutswa ziwiri zapansi za 58 kwa 38. Ziwirizi muzipinde mpendero mbali imodzi, zisanjikizane pakati, ndipo siponji izilowera pamenepo. Zipi safunika. Zipi ndi amene amayamba kufa, makamaka wachitsulo akachita dzimbiri. Pakhomo pa ana aang'ono, kulungani siponji m'pulasitiki pamwamba ndi m'mbali, pansi musiye potseguka kuti izipuma.

Khushoni ya kabaza

Wokwera amasankha njinga poyang'ana pokhala. Dulani thabwa lolingana ndi kaliyala, muzungulize makona, muboole timabowo tingapo totulukira madzi. Siponji ikhale yolimba, yosachepera masentimita 5. Apa leza ndiyo yoyenera, koma musaikhomere kuthabwa. Isokeni ngati chipewa, ya chingwe chokoka pansi, kuti mvula ikainyowetsa muivule, siponji iume. Misoko ikhale m'mbali chakumunsi, osati pamwamba pamene madzi amaima. Mphonje zokongoletsa zikhale zazifupi, zisafike kumasipoko. Pa njinga yamoto, chilichonse cholendewera chitalikirane ndi tcheni ndi paipi ya utsi.

Kuchapa

Makava a galimoto yonyamula anthu azichapidwa kawirikawiri, ndipo n'chanzeru kusoka awiriawiri kuti ena akakhala pachingwe galimoto isaime. Chitenje chichapidwe ndi madzi ozizira, pachokha, chiyanikidwe chotembenuza pamalo odutsa mphepo. Jinzi ndi kanivasi zimapirira madzi otentha kwambiri, ndipo madzi otere ndi amene amapha nsikidzi ndi mazira ake. Yanikani pachingwe, osati pansi kapena paudzu, ndipo sitani ndi simbi yotentha, chifukwa pali ntchentche imene imaikira mazira pansalu yonyowa, mphutsi zake n'kulowa pakhungu la mwana. Kava isabwerere pampando isanaume gwa. Nthawi ya chiperoni imalizeni ndi simbi.

Msoko ukayamba kumasuka, sokani tsiku lomwelo. Chuku chikangoyamba, chapani, muyanike padzuwa, mufufuzenso kumene madzi akuchokera, kaya ndi mphira wa zenera la galimoto kapena khoma lodontha.

Mukafuna kupezapo ndalama

Kabuku kano sikanatchule mitengo, chifukwa mtengo wa nsalu sukhazikika. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ulusi, lasitiki ndi singano, zimene zambiri zimachokera kunja, zinakwera. Choncho muziwerengera ntchito m'mamita a nsalu, kenako mufunse mtengo wa tsiku limenelo. Powerengera musaiwale tinthu ting'onoting'ono: ulusi, singano zothyoka, makala a simbi, sopo, thiransipoti yopita ku Limbe kapena ku Limbuli, ndi masiku anu amene mwasiya khasu. Amayi ambiri amawerengera nsalu yokha, ntchito ya manja awo n'kuipereka yaulere. Si bwino.

Musadule nsalu musanalandire chikole chokwana kugula zipangizo. Kava yosokera mpando wa galimoto ina sikwana galimoto ina, ndiye mwini akasintha maganizo mudzatsala nayo. Lembani m'kope mtundu wa nsalu, kuchuluka kwa mipando, ndalama imene mwalandira, yotsala, ndi tsiku lodzatenga, nonse awiri muone. Mapateni musataye. Alembeni mtundu wa galimoto, muwapachike pouma, chifukwa Sienta yachiwiri ikadzabwera mudzakhala mutatha kale theka la ntchito.

Msika suli padepoti pokha. Malo ogona alendo m'munsi mwa phiri, masukulu, mipingo ndi nyumba za ogwira ntchito kuminda ya tiyi, zonsezi zili ndi mazenera. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo mlendo wodzaliona amakonda chinthu cha chitenje chosokedwa mwaukhondo. Tizidutswa totsala tilumikizeni tikhale makava a khushoni, timatumba, kapena zogwirira poto.

Gulu la banki m'khonde lingagule makina amodzi n'kumasinthana masiku, kapena kugulira pamodzi nsalu yambiri pamtengo wotsikirako. Amene mulibe makina konse, mungathe kuyeza, kupanga pateni ndi kudula nokha, n'kukamulipira telala kusoka kokha. Achinyamata ofuna kuphunzira utelala mozama afunse za maphunziro a TEVETA kwa alangizi a zachitukuko a m'dera lawo, ndipo anyamata asaone ngati ndi ntchito ya amayi okha.

Musanalandire ndalama ya munthu aliyense, yambani ndi za pakhomo panu. Sokani khushoni imodzi ndi katani ya zenera limodzi, muzichape kawiri, muone pamene msoko wamasuka ndi pamene nsalu yafupika. Mukakonza zimenezo, pitani mukalankhule ndi mwini minibasi.